Nantchengwa, Kameta ndi Chimfine cha Alendo

Padangokhala. Inu muziti tili tonse, ndipo muzitero mokweza, chifukwa nthano ino ndi ya wina amene adasowa womuvomera.

Padali Nantchengwa, mbalame ya kudambo ija ya mutu ngati nyundo. Masiku amenewo padalibe womuthawa ngati lero. Ankangomudziwa kuti ndi wabodza, ndipo bodza lake silidali lamasewera. Akakuuza kuti kunja kwacha, umayamba wasuzumira pakhomo. Chondikwiyitsa ine n'chakuti mayiyu akanena zoona ankamuseka, koma akanama onse ankagwedeza mitu n'kumati lero ndiye walankhula zakupsa.

Nyumba yake idali yaikulu kuposa ya mfumu, ndipo adaimanga ndi zakuba zokhazokha: tsache la uyu, nsanza ya uyo, mpini wa uje. Idali ndi chipinda cha alendo, koma mlendo wogonamo padalibe. Ndani angakagone kwa munthu woti podzuka upeza wakusolola mphasa?

Mnzake adali mmodzi, nkhuku ya kumudzi dzina lake Kameta. Ubwenzi wawo nawonso udayamba ndi chinyengo. Nantchengwa ankafuna nthenga zofewa zoyala m'chipinda cha alendo chija, ndiye adauza nkhukuyo kuti kutsidya akazi onse otchena ameta m'khosi. Nkhuku idalola, adaizula khosi lonse, ndipo nthengazo sizidamerenso. Anzake adati akasume kwa mfumu. Iye adangopita kudamboko yekha, n'kupeza nthenga zake zitayalidwa bwinobwino m'chipinda chopanda munthu.

“Ndiye mwayalira ndani?” adafunsa Kameta.

“Amene angabwere.”

“Wabwerapo ndani?”

Nantchengwa adayang'ana kumbali.

“Basi, ndabwera ine,” adatero Kameta, n'kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo adapalana chinjira, ubwenzi wa amayi uja woti wina akadwala mnzake amakhala kumiyendo kwake, wina akafa mnzake ndiye amamutseka maso. Ankaitanana kuti anjira. Adalinso ndi nyimbo yawo. Nantchengwa ankaiyamba ali padenga, motsitsa ngati wopempha moto kwa mnansi, kunena kuti chitseko n'chotsekula, madzi atungidwa, nanga wobwera ali kuti. Kameta ankavomera ali kunjira ndi mawu awiri okha onena kuti wayandikira. Nyimboyo siinkapitirira pamenepo, koma Nantchengwa akamva kuvomerako ankadya bwino tsiku limenelo.

Mvula yoyamba itagwa, kudambo kudatera alendo. Adali adokowe ochokera kutali, kumene amati madzi amauma gwa ndi kuzizira. Chaka ndi chaka ankadutsa n'kukagona kwina, koma ulendo uno kapitawo wawo, a Dokowe amiyendo yofiira, adapempha malo kwa Nantchengwa yemwe. Mayi uja adasangalala zedi. Adasesa mpaka kuseri kwa nyumba, kumene sadasesepo chimangire.

Koma wabodza amalidziwa bodza likamadutsa. Pa malonje Nantchengwa adafunsa kuti, “Nanga akazi anu aja ankatsogolera chaka chatha?”

“Atsalira m'njira, atopa.”

“Alamu anu aataliatali aja?”

“Nawonso atopa.”

“Kutopa kwake kwasankha banja limodzi?”

A Dokowe adayang'ana pansi n'kuti ulendowu ndi wautali, mayi.

Mlendo safunsidwa za matenda asanamwe madzi, ndipo mwambo umenewo Nantchengwa ankaudziwa. Ndiye adangoti, “Kuno kwathu alendo amaimba kaye asanadye.” Lidali bodza. Adawayambira nyimbo yake ija kuti avomere, iye atatchera khutu. M'malo mwa mawu awiri kudamveka kutsokomola kokhakokha. Adayang'anitsitsa: uyu mamina chuchuchu, uyo maso atatupa, wina khosi litapotoka, akuyang'ana kumwamba ngati wafunsidwa za mvula.

Adawakokera pambali a Dokowe.

“Bambo, wabodza wa dera lino ndine, musandilande ntchito. Munagona kuti pobwera?”

A Dokowe adapumira m'mwamba. “Tinagona pathamanda lina pamodzi ndi abakha akutchire. Titanyamuka pamenepo ndi pamene chimfine chinatiyamba. Chikakugwira lero, mawa anzako akukusiya.”

“Abakhawo sanadwale?”

“Ngakhale kuyetsemula. Amadya, amasamba, tonse m'madzi amodzi.”

“Nanga nkhuku zinaliko kumeneko?”

A Dokowe adayankha motsitsa. “Kunali mudzi wa nkhuku pafupi. Pofika tinamva atambala. Pochoka sitinawamve.”

Nantchengwa adachita mantha, ndipo mantha ake adali ndi dzina. Kameta adali atangoswa kumene, ndipo kamwanapiye kamodzi adakatcha Nantchengwa. Kuwapirikitsa alendowo sikukadatheka, poti ena sankatha ndi kuimirira komwe. Komanso si iye yemwe adakhala akulirira alendo zaka zonsezi? Walira mvula walira matope.

Adakhala pansi n'kuganiza. Chimfinechi chilibe miyendo yopitira chokha kumudzi. Chili m'madzi, m'mamina ndi m'zitosi, ndipo mpaka wina achinyamule. Bola pasapezeke wa kumudzi woponda pano, kapena wa pano woponda kumudzi. Adayamba ndi zoona, kuti mwina mwake. Adakwera pachulu chimene chidali pakati pa dambo ndi mudzi, patali poti mpweya wake usafike, n'kuitana nyakwawa ya nkhuku.

Nyakwawayo idali a Tambala, munthu wofatsa bwinobwino, koma wokonda madyerero kuposa ana ake.

“A nyakwawa, alendo abwerawa ali ndi chimfine chopha nkhuku. Pasapezeke wopita kudambo.”

Mudzi wonse udafa nacho chiseko.

“Mwaona zimene abweretsa alendo mukufuna mudye nokha,” adatero a Tambala akupukuta misozi. “Mudzi wosalonjera alendo ndi mudzi wanji? Nduna yanga Bakha itsogole ikapereke moni. Ikabwerako tidzapita tonse ndi thobwa, chikho chimodzi monga mwa mwambo.”

Mwaona zimene zoona zidamuchita? Zidangofulumizitsa ulendo.

Bakha adafika kudambo atakweza chifuwa. Adagwirana chanza ndi aliyense, adamwa pomwe ankamwa alendo, adasambira pomwe ankasamba, n'kutuluka matope ali nyambinyambi kumapazi. Mapazi omwewo ndi amene ankaponda nawo m'phale lomwera nkhuku kumudzi. Akuti azitsanzika, Nantchengwa adamugwadira.

“Mwagwadira ndani?” adafunsa Bakha akucheuka.

“Inu, mfumu.”

“Ine ndine nduna.”

“Dzulo munali nduna. Alendowa aona kayendedwe kanu, ndiye akuti dambo lalikulu chonchi lingakhale bwanji lopanda mfumu. Koma mwina ndiwauze kuti mwakana, poti mwambo wake ndi wowawa.”

“Wowawa bwanji?”

“Mfumu yatsopano imabindikira m'bango. Siponda kumudzi, silankhula ndi wa kumudzi. Nduwira adzakuvekani tsiku lonyamuka.”

“Chakudya?”

“Ndizibweretsa ine.”

Bakha adalowa m'bango mosacheuka. Nantchengwa adabwerera pachulu n'kulengeza kuti malonje adikire tsiku lolonga ufumu, kuti phwando likhale limodzi lalikulu. A Tambala atamva zoti lalikulu adavomera msangamsanga. Mukamuona bakha lero akuyenda mogwedeza mbuyo, dziwani kuti nduwira ija akuidikirabe.

Masiku amenewo Nantchengwa adasiya kukwera padenga. Ankadziwa kuti akangoimba, Kameta abwera. Nyimbo ikafika pakhosi ankaimeza, n'kupita kukatungira odwala madzi.

Kenaka mlongo wawo wa a Dokowe adamwalira, ndipo kulira kudamveka mpaka kumudzi. Apa ndiye padavuta. Kuyambira kalekale maliro a kudambo adzukulu ake adali nkhuku, poti pa zokumba palibe woziposa. Adzukulu ndiwo amasambitsa mtembo, kuunyamula ndi kuuika. Maliro ndi kulirana, ndipo mdzukulu saitanidwa kawiri. Nantchengwa atakwera pachulu adaona mudzi wonse ukubwera, makasu ali paphewa, a Tambala ali patsogolo.

“Imani pomwepo ndikuoneni bwino,” adatero. “Mwachita bwino kufulumira. Anamfedwa amangofunsa kuti ndiwo zifika nthawi yanji.”

“Ndiwo zanji?” adafunsa a Tambala. “Nyemba tatenga.”

“Kwawo kwa alendowa maliro sadyera nyemba. Akatha kuika, mdzukulu wonenepa kuposa anzake ndiye ndiwo.” Adayang'ana ntchafu za a Tambala, n'kuyang'ananso kachiwiri. “Ine ndawauza kuti asadandaule. A nyakwawa athu ndi munthu wa mwambo, sangakane.”

A Tambala adakokera mimba m'kati. “Mwambo ndi wabwino,” adatero, “koma uli ndi eni ake. Ife za kwawoko sitizidziwa, tingalakwitse.”

Woyamba kutembenuka adali iwowo. Enawo adatsatira, mpaka khasu lina lidatsala panjira. Nantchengwa adalitola. Pa zonse zimene adabapo, ndi khasu lokhali limene adaligwiritsa ntchito yake.

Adakumba yekha, mozama kuti agalu asafukule, kutali ndi madzi. Atakwirira uyo, wina adatsatira. A Dokowe ankamuthandiza kunyamula, mpaka tsiku lina nawonso adagona, ndipo adawanyamula yekha. Chipinda chija chidadzaza alendo monga ankafunira, koma mlendo aliyense ankatulukamo chogona. Wolankhula naye padalibe. Bakha m'bangomo ankangofunsa kuti nduwira yake ndi yamtundu wanji.

Tsiku lina masana, atatsamira khasu kuti apume, nyimbo ija idamupulumuka. Sadafune ayi. Idangotuluka yokha, motsitsa, za chitseko chotsekula ndi madzi otungidwa zija. Asadatseke pakamwa, kunjira kudamveka mawu awiri.

Adali Kameta, dengu la ufa lili pamutu, anapiye ali pambuyo.

“Anjira, imani pomwepo,” adatero Nantchengwa.

“Ndiime? Mukukumba manda nokha ngati mulibe mnzanu. Ine tulo sindikuona nazo zimenezi. Enawo aziopa kudyedwa, ine ndani angandidye ndi khosi langali?”

“Anjira, mverani. Kuno kuli matenda. Ali m'madzimu, ali m'matopemu, ali pa ine ndemwe. Nkhuku ikawatenga sichedwa. Tengani ana mubwerere.”

Kameta adaseka. “A Bakha mwawapatsa ufumu. A Tambala mwawapatsa mphika. Ine mwandisungira matenda? Mwaiwala kuti ine ndinaphunzira kale, umboni wake ndi uwu.” Adadzisisita pakhosi.

“Ndikulumbira, anjira.”

“Tsiku la nthenga munalumbiranso.”

Adayenda kutsogolo. Kamwanapiye kaja ka dzina la Nantchengwa kadaona madzi akunyezimira, n'kuyamba kuthamangira komweko.

Abale, ndikafika apa mtima umandiwawa. Nantchengwa adayang'ana kamwanako, adayang'ana mnzake, n'kuona kuti zoona zamukananso. Bodza lidatsala limodzi, ndipo ankadziwa mtengo wake. Adalumphira pamtumbira watsopano, n'kuseka chiseko choipa chimene sadasekepo.

“Chabwino, bwerani,” adatero. “Inu mumayesa alendowa akufa okha? Chipinda ndidayala chija mumati n'chogonamo? Nyama ya adokowe yandikola, ndi yoonda. Kayambe kufika ndi kamwana kali patsogoloko. Dzina ndi langa kale, ndiye chatsala n'kulowa m'mimba.”

Kameta adaponya phiko kutsogolo n'kukabweza kamwana kaja kali pafupi kuponda matope. Adaimirira osaphethira.

“Anjira,” adatero motsitsa, “nenani kuti mukunama.”

Moyo wake wonse Nantchengwa padalibe amene adamupemphapo zimenezo. Akadangogwedeza mutu, mnzake akadaseka n'kudutsa matopewo kudzamukumbatira.

“Lero lokha sindikunama,” adatero.

Kameta adatula dengu lija pansi mosamala. “Ufawu ndinatengera maliro,” adatero. “Ndiye ukhale wa maliro a chinjira chathu.” Adasonkhanitsa ana ake n'kuwatsogoza, ndipo sadacheuke mpaka adafika kumudzi.

Mbiri idawanda kuti kudambo kuli mfiti yodya alendo ake. Kuyambira tsiku limenelo padalibe nkhuku yoyandikira kumeneko. Onse adayamba kumwa madzi a pachitsime, ndipo mwanapiye akangoloza kudambo ankamujompha. Zimene zidakanika ndi kuchonderera zidatheka ndi mantha.

Chimfine chija chidamugwira Nantchengwa pomaliza. Adagona m'chipinda cha alendo, pa nthenga za Kameta, kumiyendo kwake kulibe munthu. Akapeza mphamvu ankakwawa n'kuphika phala la ufa wa m'dengu lija. Ufawo ndi umene udamusunga. Adachira, koma matendawo adamusiyira chipsera pakhosi, ndipo iye sadadziwe poti kuimba adali atasiya.

Mvula itatha, adokowe otsala adanyamuka osatsanzika bwino ndi manyazi. Nantchengwa adamusungabe Bakha m'bango ponena kuti nduwira akaitumiza, mpaka dzuwa lidaumitsa matope onse. Kenaka adamusambitsa pamadzi oyenda n'kumuuza kuti azikadikirira kwawo.

Nthawi imeneyo uthenga udali ukufika kuchokera kumidzi ina ya m'mbali mwa madambo. Uku makola atsekedwa, uko kwatsala nthenga zokhazokha, kwina anthu akudzuka dzuwa litakwera poti wowadzutsa kulibe. Mudzi wa a Tambala wokha ndi umene sudaike ngakhale mmodzi. Mukuganiza kuti alipo adakumbukira zimene mayi uja adanena pachulu tsiku loyamba? Ngakhale mmodzi. A Tambala adaitanitsa phwando n'kunena kuti midzi inayo yatha ndi mfiti yomweyo, ndipo iwo apulumuka chifukwa nyakwawa yawo idaitulukira msanga. Adawaombera m'manja mpaka manja kuwawa.

Nantchengwa adadikira mpaka atatsimikiza kuti pathupi pake palibenso choopsa. Kenaka m'mawa wina adauluka n'kukatera padenga la Kameta. Sadakonze zonena. Adati angoyamba nyimbo, zinazo zidzatsatira zokha. Adatsekula kukamwa kuti aiyambe motsitsa monga kale, koma pakhosi popserera paja padatuluka chiseko chomwe chija cha pamtumbira. Adayesanso, chidatuluka chomwecho.

Mudzi udadzambatuka. Ena adati malodza, ena adati wabwera kudzasankha woyamba, miyala n'kuyamba kuuluka. Kameta adatuluka n'kufungatira ana ake. Anawo adali atakula, moti sankakwananso m'mapiko: mitu idali panja, miyendo panja. Nantchengwa sadalabade za miyala. Ankayang'ana mitu ija umodziumodzi, mpaka adaupeza wa mnzake wa dzina uja, utamera kale kalipombo. Onse adalipo.

Adaimbanso kotsiriza, ndi mawu oipa omwewo. Nyimbo ukaizolowera, ngakhale mawu aipe, kagundidwe kake sukaiwala. Kameta adatukula mutu. Kukamwa kudatseguka kokha, ndipo liwu loyamba la kuvomera kuja lidatuluka. Lachiwiri adalimeza, n'kuyamba kujompha pansi ngati waona njere.

Nantchengwa adanyamula liwu limodzi lomwelo n'kubwerera nalo kudambo.

Mpaka lero nkhuku siponda m'dambo ndipo sidziwa chifukwa chake. Nantchengwa akuwonjezabe timitengo panyumba yake yaikulu ija, ndipo nthenga za m'chipinda cha alendo amazikutumula kuti zisachite nkhungu. Nthawi zina kusungulumwa kukamukulira amabwera kudzatera padenga la munthu, n'kuimba za chitseko chotsekula. Inu mumati malodza, n'kutola mwala.

Yathera pompa. Kaphuleni mbatata zanu, ine lero sindidya.